Za Kumwa Tiyi wa M'mawa Mtima Uli Pomwepo

Tiyambe ndi funso laling'ono, limene mwana angathe kulifunsa, koma akulu ambiri sangathe kuliyankha. Kodi tiyi amene munamwa lero m'mawa anakoma bwanji? Sitifunsa ngati munamwa, pakuti chikho chopanda kanthu chichitira umboni. Tifunsa ngati munamumva pa lilime. Ife amene tirikulemba mau awa tinadzifunsa tokha funso lomweli, ndipo tinachita manyazi, popeza tinapeza kuti kukoleza moto tikukumbukira, kutsuka chikho tikukumbukiranso, koma za pakati pache sitidziwa kanthu. Dzanja linanyamula, pakamwa panameza, koma mwini dzanja ndi pakamwa anali kwina: anali ku msika kuwerenga mtengo wa feteleza, anali kutsutsana ndi mnansi amene anamlakwira dzana, anali pa ulendo wa mawa. Ndipo pamene anabwerera, anapeza masamba okha pansi pa chikho.

Ichi si chilema cha munthu mmodzi. M'chaka cha 2010 anthu awiri ophunzira za maganizo pa sukulu yaikulu ya Harvard ku America, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert, anafalitsa zimene anazipeza atafunsa akulu 2,250. Anawatumizira uthenga pa foni nthawi zosayembekezeka, nawafunsa chimene alikuchita, ndi chimene alikuganiza, ndiponso ngati ali okondwa. Ndipo kunaoneka kuti pa nthawi 100 ziri zonse, nthawi pafupifupi 47 maganizo anali atachoka pa nchito ya m'manja; kunaonekanso kuti chimwemwe cha munthu chichepa pamene maganizo alikuyendayenda, kusiyana ndi pamene ali pa chimene alikuchita. Anthu amenewo ndi akutali, ndipo sitinena kuti chiwerengero chao ndicho chathu. Koma ndani mwa ife amene sanayendepo kuchokera kunyumba kufikira kumunda wosaona njira?

Anthu a ku India analiona bvuto ili kale lomwe. Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo Buddha, mphunzitsi wa kumpoto kwa dziko limenelo, anaphunzitsa omtsatira chinthu chimene m'chinenero cha Pali chitchedwa sati. Muzu wa liu limeneli ndiwo kukumbukira. Koma si kukumbukira za chaka chatha iai, ndiko kusaiwala chimene ulikuchita tsopano lino, kuti poyenda udziwe kuti ulikuyenda, ndi pakumwa udziwe kuti ulikumwa. M'chaka cha 1881 T. W. Rhys Davids, wa ku Britain, anamasulira liulo m'Chingelezi nalitcha mindfulness, ndipo ndi dzina limeneli lafalikira m'maiko ambiri. M'chinenero chathu tiribe liu limodzi lolingana nalo, koma chinthucho tichidziwa. Taonani mtsikana wosenza mtsuko wodzala kuchokera ku chitsime: aseka ndi anzache, alankhula, koma kanthu kena m'kati mwache sikachoka pa mtsukowo, ndipo madzi satayika. Mai wache pomphunzitsa anati, Ikapo mtima. Chimene tirikunena pano ndicho chomwecho, kuikapo mtima. Kusiyana kwache ndi kwakuti mtsuko ukagwa usweka ndi phokoso, koma m'mawa ukatayika sumveka.

Tsono chifukwa ninji tinena za tiyi, osati za phala kapena thobwa? Palibe choletsa kuikapo mtima pa phala. Koma tiyi ndi chiphunzitso ichi zayenda pamodzi ulendo wautali. Chitsamba cha tiyi kwao ndi kumapiri a kumwera chakumadzulo kwa China ndi maiko oyandikana nako. Cha m'ma 760 munthu wa ku China dzina lache Lu Yu, amene analeredwa m'nyumba ya amonke a Buddha, analemba buku loyamba lofotokoza za tiyi, ndi madzi ache, ndi zipangizo zache. Amonke anamkonda tiyi pa chifukwa chosabvuta kumvetsa: anali kukhala pansi chete nthawi yaitali, tulo ndi kumawagwira, ndipo tiyi anali kuwatsegula m'maso. Lero tidziwa chimene chichita ichi, ndicho kafini wa m'masambamo. Ndipo m'chaka cha 1949 ku Japan anapezanso m'masamba omwewo chinthu china chotchedwa theanine. M'chaka cha 1191 mmonke Eisai anabwerera kwao ku Japan kuchokera ku China atatenga mbeu za tiyi, ndipo m'dziko limenelo kumwa tiyi kunakula kufikira kunasanduka mwambo wokhala ndi aphunzitsi ache.

Wamkulu wa aphunzitsi amenewo anali Sen no Rikyu, mwana wa munthu wamalonda wa m'mudzi wa Sakai, wobadwa m'chaka cha 1522. Nkhani yache tiikonda, ndipo tikhalitsapo pang'ono. Masiku ache anali a nkhondo, ndipo akulu a nkhondo anali kupikisana pogula mbale za tiyi za mtengo wapatali zochokera ku China, monga anthu apikisana lero ndi magalimoto. Mbuye wache, Toyotomi Hideyoshi, wolamulira dziko lonse, anamangitsa chipinda cha tiyi chokutidwa ndi golidi. Koma Rikyu anakonda zina. Pafupi ndi Kyoto, pa malo otchedwa Yamazaki, pali kanyumba kotchedwa Tai-an, kamene anthu akatchula kache ka Rikyu, ndipo kakalipo kufikira lero: makoma ache ndi a dothi, ndipo malo okhalamo ndi a mphasa ziwiri zokha. Khomo la alendo ndi laling'ono ndi lalifupi, kotero kuti munthu ali yense alowa chokwawa. Ndipo wankhondo anayenera kubvula lupanga lache ndi kulisiya panja. Mbale zimene anazikonda zinali zakuda kapena zofiira, zoumbidwa ndi manja monga amai athu aumba nkhali, ndipo kasupuni kotapira tiyi anali kukasema yekha ndi nsungwi.

M'kanyumba kotero mulibe chakuti maso athawireko. Muli makala, ndi mphika wachitsulo umene uyimba madzi akatentha, ndi duwa limodzi, ndi munthu mnzako amene alikukukonzera chakumwa pang'ono pang'ono pamaso pako. Mfumu ndi wamalonda agundana maondo. Koma tisaganize kuti tiyi anampulumutsa Rikyu ku zoopsa za dziko. M'chaka cha 1591 Hideyoshi anamkwiyira, namlamula kuti adziphe, ndipo anatero. Tisaganizenso kuti tiyenera kutengera mwambo wonsewo. Auphunzira zaka zambiri, ndipo msonkhano wache wathunthu utha maola anai. Komanso, chinthu choseketsa, mbale zosauka zija lero zigulidwa ndi ndalama zoti zingamange nyumba. Chimene titengako ife ndi chimodzi: kuti chipangizo chosauka chikwanira. Kapu yanu yachitsulo yokanganuka m'mbali, ndi ketulo yakuda ndi mwaye, ndi mafuwa atatu, Rikyu sakadazinyoza.

M'masiku athu ano chiphunzitsochi chaoloka nyanja. Thich Nhat Hanh, mmonke wa ku Vietnam amene anakhala zaka zambiri ku France namwalira m'chaka cha 2022, anaphunzitsa anthu wamba kumwa tiyi ndi kutsuka mbale mtima uli pomwepo. Jon Kabat-Zinn m'chaka cha 1979 anayamba ku Massachusetts maphunziro a masabata 8 othandiza odwala a ululu wosatha, wosawafunsa za chipembedzo chao. Ndipo phunziro loyamba ndilo kudya mphesa youma imodzi pang'ono pang'ono, kuiyang'ana, kuinunkhiza, ndi kuitafuna. Pambuyo pao padza ogulitsa ambiri, amene alonjeza kuti chinthuchi chichiza nthenda zonse, nachigulitsa pa foni yomweyo imene itibalalitsa maganizo. Amenewo tiwasiye. Tibwerere ku khitchini yathu, m'bandakucha, phulusa likali lofunda.

Chiyambi ndi moto. Amene agwiritsa magetsi angokanikiza kabatani, ndipo ataya phunziro. Koma ambiri a ife tikoleza nkhuni kapena makala pa mbaula, ndipo moto sulola munthu wa mitima iwiri. Ukaunjikira nkhuni mwaliwiro ungofuka. Ufuna tinkhuni tating'ono poyamba, ndi mpata wa mphepo, ndi kuuzira kofatsa. Pamenepo imvani mpweya wanu womwe, m'mene ulowa wozizira ndi kuturuka wofunda. Mukatereka madzi, musathamangire foni kapena wailesi, pakuti nthawi imeneyi ndiyo mbala ilowera. Khalani, nimumvere. Madzi alankhula asanawire: ayamba ndi kulira kwa kutali, kulirako nikukula, ndipo pafupi kuwira achita ngati atonthola, pamenepo ndipo abwata. Lu Yu uja anasiyanitsa kuwira kutatu: koyamba pamene tithovu tating'ono tonga maso a nsomba tioneka pansi, kwachiwiri pamene tikwera mondondozana m'mbali mwa mphika, ndi kwachitatu pamene madzi onse agudubuzika ngati mafunde. Munthu amene anaona izi anali ndi mphika wonga wathu. Chimene anatiposa nacho ndi kuyang'anamo. Makolo athu ananena zoona, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanathire masamba, atapeni pa chikhatho, nimuwanunkhize ali ouma. Pambuyo pache nunkhizaninso nthunzi, ndipo mudzapeza kuti pfungo lasintha. Yang'anani utoto m'mene ufalikira m'madzi ngati utsi. Tiyi wakuda afuna mphindi zitatu kufikira zisanu kuti apereke mphamvu yache, akapitirira awawa. Za shuga tinene pang'ono, ngakhale tidziwa kuti ena adzatikwiyira. Ambiri a ife tithira masupuni atatu kapena anai dzanja lokha lirikuwerenga, ndipo chimene timwa ndi madzi a shuga ofiira. Yesani kulawa kamodzi musanathire, kuti mudziwe nkhope ya tiyi mwini. Mukatero thirani monga mufuna, koma mudziwe kuti mwathira angati.

Tsopano tifika pa chinthu chimene tichiyesa chachikulu koposa zonse, ndicho kudikira kwachiwiri, tiyi ali m'chikho. Munthu wa mtima wothamanga amwa tiyi wochokera pamoto, nampsontha ndi phokoso, misozi iri m'maso, nati tiyi wozizira ndi wa ana. Mverani bwino apa. M'chaka cha 2016 bungwe lofufuza za khansa la World Health Organization, limene likhala ku Lyon m'dziko la France, linaweruza kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zioneka kuti zibala khansa ya kummero, ndiyo ya njira imene chakudya chitsikira kunka m'mimba. Cholakwa si tiyi iai, koma kutentha kwache, kumene kupsereza khungu lofewa la m'katimo tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Madzi awira pa madigiri 100, kapena kucheperapo pang'ono kumapiri, ndipo tiyi wophikidwa pamodzi ndi mkaka mumphika achedwa kuzizira. Nkhani iyi si ya akutali. Malawi ali m'gulu la maiko amene nthenda iyi ichuruka koposa pa dziko lonse lapansi. Ndipo ofufuza amene anafunsa odwala ndi anthu abwino m'Malawi ndi ku Tanzania anafalitsa m'chaka cha 2022 kuti nthendayi ipezeka kwambiri mwa iwo amene amwa ndi kudya zotentha kwambiri, mofulumira, napsa m'kamwa kawiri kawiri. Ziripo zifukwa zina, monga fodya ndi kachasu, ndipo sitinena kuti wodikira tiyi wathawa zonse; ndiponso amene aona kuti chakudya chirikumtsamwa kapena kubvuta kumeza apite ku chipatala msanga, asayembekeze. Koma taonani, apa kuikapo mtima kuleka kukhala nkhani ya amonke. Lilime liri ndi nzeru, ndipo lichenjeza. Koma lichenjeza yani, mwini ali ku msika? Tiyi woyenera kumeza ndiye amene mungathe kumsunga m'kamwa osapsa. Mphindi zochepa zimenezo fumbatani chikho ndi manja onse awiri, makamaka m'miyezi ya June ndi July, nimumve kufunda kulikulowa m'zala.

Pamene mulikudikira, pali china choyenera kuchikumbukira, pakuti sati ndiko kukumbukira: manja amene anathyola masambawo. Tiyi si mlendo wa m'sitolo chabe m'dziko muno. Anamyesa kubzala pa Mishoni ya Blantyre m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, ndipo m'chaka cha 1891 Henry Brown anambzala ku Mulanje, kumene mvula ichuruka. Pambuyo pache minda inafalikira ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay. Minda yobiriwira ija, imene alendo aima pa msewu kuti aijambule, inalimidwa ndi thukuta la thangata, pamene anthu okhala pa malo a Azungu anakakamizidwa kugwira nchito m'malo mwa msonkho wa malo, kufikira zaka zoyamba za m'ma 1960. Ndipo ambiri a iwo anali Alomwe amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi. Kufikira lero tiyi wambiri athyoledwa ndi zala. Wothyola alowa m'munda m'mamawa, mame akali pa zitsamba, dengu liri kumsana, nathyola masamba awiri anthete ndi kansonga kache, naponya kumbuyo wosacheuka. Ndipo nchito ikula m'nyengo ya dzinja, mvula irikugwa. Madengu ayesedwa pa sikelo. Ku fakitale masamba afota, naduladulidwa, nasiyidwa kuti mpweya uwasandutse ofiira, naumitsidwa ndi moto. Ndipo makilogalamu anai kapena asanu a masamba aawisi abala kilogalamu imodzi yokha ya tiyi wouma. Wambiri agulitsidwa ku Limbe ndi kwina, nanka ku South Africa ndi ku Britain. Sitinena izi kuti tiyi akuwawireni m'kamwa. Koma munthu amene wadziwa izi sangakhuthulire pansi theka la chikho wosaganiza, ndiponso akamva nkhani ya malipiro a othyola tiyi sadzati siimkhudza.

Wina adzati, Ndayesa, koma maganizo anga sakhala. Ndisanameze kachiwiri ndapezeka kale ku maliro a chaka chatha. Inde, ndipo atero ndi anthu onse, ngakhale amonke okalamba. Ambiri alakwa pano, poyesa kuti nchito yache ndiyo kuletsa maganizo kuti m'mutu mukhale mopanda kanthu; ndipo polephera, aleka. Maganizo ali ngati mbuzi. Chikhalidwe chache ndicho kulowa m'munda wa eni. Mbusa wanzeru saithyola mwendo, ndiponso sakhala pansi kulira kuti mbuzi yache ndi yoipa. Angoiona kuti yapita, naibweza. Ikapitanso aibwezanso. Nthawi imene mwazindikira kuti mwachoka, yomweyo ndiyo nthawi imene mwabwera. Bwererani ku kanthu kogwirika: kufunda kwa chikho, pfungo, kulira kwa tambala wa mnansi. Kukakhala kakhumi pa chikho chimodzi, mwabweza kakhumi, ndipo kubwezako ndiyo nchito yonse. Koma ngati pokhala chete mupeza chisoni cholemera chimene sichichoka masiku ambiri, musachisenze nokha poyesa kuti tiyi adzachichotsa. Uzani mbale wanu, kapena a ku chipatala.

Winanso adzati, Zengerezu adalinda kwaukwau. Dzuwa silidikira womwa tiyi, ndipo basi ya ku nchito siima. Mau awa ali ndi mphamvu, ndipo sitiwapeputsa. Koma werengani bwino: madzi awira nthawi yomweyo, mungakhale muwayang'ana kapena muyang'ana foni, chimene tipempha choonjezera ndi mphindi zisanu zokha. Pali kutsutsa kwina kolemera koposa, kumene sikunenedwa kawiri kawiri chifukwa eni ache sapatsidwa mpata wa kunena. M'nyumba zambiri amene akoleza moto, natunga madzi, natereka ketulo, ndiye mai. Ndipo amene akhala pa mpando ndi kulandira chikho ndiye bambo. Maiyo amwa wache ali chiriri, mwana ali kumsana, wina alikufuna malaya a sukulu, ndipo kawiri kawiri amwa wotsalira, wozizira ndi wowawa, kapena amgugudiza ali wotentha kuti athamangire ku dimba. Kuuza mai wotere kuti aikepo mtima, osamchotsera kanthu m'manja, ndiko kumseka. Rikyu anafupikitsa khomo kuti wamkulu awerame. Ndipo m'kanyumba kache mwini nyumba ndi mlendo anakhala pa mphasa zolingana. Chifukwa chache tinena kwa abambo: chinthu choyamba chimene mudzachiona mukayamba kuyang'ana tiyi wanu ndicho dzanja limene lakupatsani. Landirani mwana, kapena sonkhezerani moto ndinu, nimuti, Amai a ana, khalani pansi, timwere pamodzi. Anansi adzanena zao masiku awiri kapena atatu, nadzatopa.

Ndipo ziripo nyumba zimene m'miyezi ya January ndi February mulibe shuga kapena masamba, koma madzi otentha a mandimu, kapena udzu wonunkhira wa kuseri kwa nyumba, ndi kachidutswa ka chinangwa. Zonse tanenazi zichitika ndi amenewonso, ndipo kutentha kwache kupsereza chimodzimodzi; adikireni. Mukatha kumwa, tsukani chikho nokha madzi akali ofunda mu ketulo, ndipo masamba otsalawo musawataye pa khomo. Kawathireni pa tsinde la mpiru kapena la papaya, pakuti aola msanga.